Malangizo kwa ogula kompyuta ku Blantyre opita nayo ku Zambia

Pepalali talembera inu makasitomala athu a ku Chipata, Katete, Petauke, Lundazi ndi Lusaka amene mumadzagula kompyuta kuno ku Blantyre. Liwerengeni lonse musanatulutse ndalama, cifukwa makina akakana kugwira nchito mutaoloka kale pa boda ya Mwami, ulendo wobwerera kuno ndi wautali. Ndipo tikachula mtengo, funsani kuti ndi Kwacha iti, ya Malawi kapena ya kwanu. Dzina ndi limodzi koma mphamvu zake n'zosiyana kutali.

Musanaone kukongola kwa laputopu, dziwani nchito imene mukufuna izikagwira. Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse, imene pa Cingerezi amati operating system, ndipo ndiyo imalamula kuti ndi mapulogalamu ati angalowe ndiponso ndi pulinta iti ingamvane nayo. Zodziwika ndi zinayi: Windows, Linux, macOS ndi ChromeOS. Ngati ku ofesi kwanu kuli pulogalamu yowerengera ndalama kapena yolipirira anchito, imbirani amene anakuikirani muwafunse kuti imayenda pa iti. Cimene angakuuzeni ndico mugule, zina zonse zidzatsatira pambuyo.

Ambiri a inu mufuna Windows, ndipo apa ndi pamene anthu amagwa m'mbuna. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa masiku onse pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta ya Windows 10 imayakabe, koma mipata imene akuba a pa intaneti amatulukira siitsekedwanso monga kale. Conco gulani makina amene angathe kunyamula Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021. Imeneyi imafuna purosesa (ubongo wa kompyuta) ya 64-bit, RAM (malo amene kompyuta imasungapo zimene ikugwira panthawiyo) yosacepera 4 GB, malo osungira osacepera 64 GB, Secure Boot (citetezo ca pamene makina akuyaka), ndiponso kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0. Pa mapurosesa a Intel, Microsoft imavomereza kuyambira m'badwo wa nambala 8 kupita m'tsogolo, ndipo pa AMD kuyambira Ryzen 2000 pa makompyuta ambiri a patebulo, koma pa malaputopu kuyambira Ryzen 3000.

M'badwowo mungaudziwe nokha. Tsegulani Settings, kenako System, kenako About, muwerenge dzina la purosesa. Pa i5-8250U, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndi 8, ndiye kuti ili bwino. Pa i5-1135G7 muwerenge manambala awiri, 11, ndipo imeneyi ndi yatsopanopo. Koma i7-6500U ndi ya m'badwo wa 6, ndipo ngakhale ili ndi cizindikiro ca i7 cimene ambiri amacikhulupirira, Windows 11 siivomereza. Malaputopu a kaunjika, amene kwanu mungati a salaula, ambiri ndi a m'badwo wa 6 ndi wa 7, olimba bwino ndithu, n'cifukwa cake amachipa. Kuti muone TPM, dinizani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe tpm.msc, muone ngati palembedwa 2.0.

Mudzapeza makina akale amene aikidwa Windows 11 mokakamiza. Amayaka, amaoneka bwino pa kauntala, koma Microsoft inanena poyera kuti makina otere siiwalonjeza kuti azilandira zokonza zake. Ife sitikulangizani kuwagulira nchito ya ku ofesi. Onaninso mu Settings, pa Activation, kuti Windows ili ndi laisensi yeniyeni.

Za 4 GB zija ndi zongoti makina ayake. Mukatsegula Chrome, Word ndi WhatsApp nthawi imodzi, muziyamba mwaika tiyi pamoto. Ife timati 8 GB pa nchito ya panyumba, ya sukulu ndi ya ku ofesi, 16 GB kwa okonza mavidiyo ndi ojambula mapulani a nyumba. Posungira mafaelo sankhani SSD (cosungira cacangu cosazungulira) ya 256 GB kapena kuposa, osati hard disk yozungulira, imene imacedwa ndipo siikonda kugwedezeka kwa m'basi. Panyumba Windows 11 Home ikwana. Pro ndi ya amene kompyuta yawo iyenera kulowa mu netiweki ya kampani kapena amene afuna BitLocker yonse yotsekera mafaelo. Poyatsa Home koyamba pafunika intaneti ndi akaunti ya Microsoft, conco ndi bwino mucite zimenezi muli kuno.

Makina amene Windows 11 yawakana musawataye. Linux ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina akale. Ubuntu, imene inayamba mu 2004 motsogoleredwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, dzina lake ndi liwu lomwe lija ife timati umunthu. Sankhani imene ili ndi zilembo LTS, monga 24.04, cifukwa imasamalidwa zaka zisanu. Linux Mint imaoneka mofananako ndi Windows, ndipo mwana wa sukulu amaizolowera msanga. Zonse ziwiri zimayenda ndi LibreOffice, imene imatsegula mafaelo a Word ndi Excel, ngakhale nthawi zina matebulo ovuta amasuntha pang'ono. Koma dziwani kuti Microsoft Office yoika m'kompyuta ndi Photoshop zilibe mtundu wa Linux. Ubwino wake, mungayese Linux kucokera pa fulashi musanaiike. Pemphani wogulitsa ayatse motero, ndipo muyese Wi-Fi, mawu, kamera ndi pulinta yanu ngati mwabwera nayo.

macOS imayenda pa makompyuta a Apple okha. Kuyambira pa purosesa ya Apple yochedwa M1 ya mu 2020, RAM yake siionjezeka mukagula, ndiye sankhani kukula kwake tsiku lomwelo. Chromebook, laputopu ya ChromeOS, imachipa koma nchito zake zambiri zimadalira intaneti. Ngati kwanu bando imavuta, isiyeni.

Pogula zoonjezera, bwerani ndi nambala ya mtundu wa makina anu, osati dzina la kampani lokha. RAM za DDR3, DDR4 ndi DDR5 sizilowana, kampata kake kali pamalo osiyana, ndipo mukakakamiza muthyola. RAM ya laputopu ndi yaifupi kusiyana ndi ya kompyuta ya patebulo. SSD nayo ilipo ya SATA yooneka ngati kabokosi ndi ya M.2 yooneka ngati kandodo. Chaja iyenera kukhala ya mavoti ofanana ndi olembedwa pansi pa laputopu, kungolowa pa kabowo si umboni. Pa laputopu yogwirapo kale nchito, tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport. Lipotilo limaonetsa mphamvu imene batire linapangidwa nayo ndi imene latsala nayo. Ngati yatsala pafupi theka, nenereranitu mtengo.

Magetsi, kapena malaiti monga mumanenera, ndi a mavoti 230 maiko onse awiri, ndipo pulagi ya mano atatu amakona imalowa m'masoketi ambiri a kwanu. Ngati m'nyumba mwanu muli soketi ya mabowo ozungulira, gulani adaputa. Kumene malaiti amazimazima laputopu iposa ya patebulo, ndipo ya patebulo isakhale yopanda UPS, kabokosi ka batire kamene kamaipatsa magetsi kwa kanthawi malaiti akazima. Nyengo ya mvula, mabingu akayamba, zulani pa khoma. MiFi, kacipangizo ka SIM kopereka Wi-Fi, yogula kuno mufunse ngati ndi yomangidwa ku netiweki imodzi, apo ayi ikakana SIM ya MTN kapena Zamtel.

Nthawi ya Malawi ndi ya Zambia ndi imodzi. Pa Windows sankhani UTC+02:00 Harare, Pretoria, pa Linux sankhani Lusaka. Amene mumalemba cilembo ca ŵ, mu Word lembani 0175 kenako mudinize Alt ndi X pamodzi.

Pomaliza kugula, onetsetsani kuti pa risiti palembedwa mtundu wa makina, serial number yake, mtengo ndi masiku a waranti. Yerekezani nambalayo ndi imene ili pansi pa laputopu, cilembo ndi cilembo. Risitiyo mudzaifuna kwa a kasitomu a ZRA pa boda ya Mchinji ndi Mwami, conco ikhale m'thumba mwanu pamodzi ndi pasipoti, ndipo laputopu ikhale pamiyendo panu, osati m'buti ya basi pansi pa matumba a mpunga.