Musazule chitsa: kusamalira nkhalango yophukira yokha

Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, la FAO, likamawerengera nkhalango za dziko lililonse, limazigawa pawiri: yodzalidwa ndi anthu, ndi yomera yokha kuchokera ku njere zogwa, ku mizu ndi ku zitsa. Lipoti lake la 2020 linaonetsa kuti pa mahekitala 100 alionse a nkhalango padziko lapansi, 93 ndi a mitengo yomera yokha. Kuchokera mu 1990 kufika mu 2020, nkhalango yotereyi inachepa ndi mahekitala pafupifupi 300 miliyoni, pamene yodzala inawonjezekera ndi 123 miliyoni okha. Ku Malawi nkhalango inali mahekitala 3.5 miliyoni mu 1990, koma pofika 2020 inali itatsika kufika pa 2.2 miliyoni, ndipo yambiri yomwe yapitayo ndi yachilengedwe. Mbande timadzala chaka ndi chaka, koma machubu a ku nazale paokha sangabweze zimene nkhwangwa, makala ndi moto zikutenga.

Ndiye alimi anzanga, tiyeni tiyang'ane pansi pomwe tikupondapo. Mitengo ya mtundu wa miombo, monga mombo, tsamba ndi mchenga, pamodzi ndi ina ngati msuku, chitimbe, naphini ndi mpakasa, ikadulidwa sikuti yafa. Mizu yake imakhala idakali moyo, inalowa kale pansi kwambiri komwe kuli chinyezi. N'chifukwa chake mphukira ya pachitsa imakula msanga kuposa mbande, ndipo chilimwe chikawawa imapirira pomwe mbande ikufota kapena kudyedwa ndi chiswe. Chimene chimaipha ndi ife tomwe: chaka chilichonse posoza timaisadza, n'kuunjika zinyalala pachitsa, n'kuyatsa.

Dziko la Niger linaona phindu la zitsa zimenezi. Kuyambira 1983, m'chigawo cha Maradi, katswiri wa ulimi wa ku Australia, Tony Rinaudo, anayamba kulimbikitsa alimi kusiya mphukira m'minda n'kumazitengulira, ataona kuti mbande zambiri zimene ankadzala zinkafa. Patapita zaka pafupifupi 20, malo okwana mahekitala 5 miliyoni anali atabwereranso mitengo, pafupifupi 200 miliyoni, m'dziko louma kuposa kwathu. Chinathandiza kwambiri n'chakuti mlimi anayamba kuona kuti mtengo wa m'munda mwake ndi wake, ndipo akausamala adzaudula yekha.

Ntchito yake siifuna ndalama. Yendani m'munda kapena m'phiri musanasoze, muzindikire zitsa zamoyo. Sikuti chilichonse chisiyidwe. Sankhani mitengo imene mukuifuna: ya zipatso, ya milimo, ya mankhwala, yodyetsa ziweto, kapena yowonjezera chonde monga nsangu, umene umayoyola masamba nthawi ya dzinja, kotero suphimba mbewu. M'munda wolima yambani ndi zitsa zochepa zotalikirana, kenaka muziwonjezera mukaona mmene mbewu zikuchitira. M'nkhalango ya mudzi mutha kusiya zambiri.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, ndiye tifatsepo. Chitsa chimodzi chimatulutsa mphukira zambirimbiri, mwina khumi kapena kuposa, zonse zikulimbirana chakudya cha muzu umodzi. Zikasiyidwa choncho zimangokhala chitsamba chachifupi chosapindula. Sankhani zitatu kufikira zisanu zowongoka, zonenepa, zomera m'munsi mwa chitsa pafupi ndi dothi, chifukwa zomera pamwamba zimathyoka msanga kukawomba mphepo. Zotsalazo dulani. Pa mphukira mwasiyazo, chotsani nthambi za m'munsi kulekeza theka la msinkhu wake, za kumtunda zisiyeni kuti mtengo uzipeza chakudya. Chikwanje chikhale chakuthwa, ndipo dulani mokweza, kuchokera pansi pa nthambi kupita m'mwamba. Mukatema motsitsa, nthambi imagwa ikusenda khungwa mpaka m'munsi, ndipo bala limenelo ndi khomo la tizilombo ndi kuwola. Pakapita miyezi ingapo bwereraniko, mudzapeza timphukira tina tatuluka. Tichotseni tidakali tanthete, ngakhale ndi dzanja timathyoka. Chaka chilichonse mutha kudula mphukira imodzi ya nkhuni kapena mtengo womangira, n'kusiya ina yatsopano kuti ilowe m'malo, koma thunthu limodzi kapena awiri muwasiye kuti akule.

Podula mtengo waukulu, ganizirani za mawa lake. Dulani mopendeketsa kuti madzi a mvula asakhazikike pachitsa, ndipo musachitenthe.

Moto ndiye mdani wamkulu. Wa mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma gwa, umatentha kwambiri moti mphukira za zaka ziwiri kapena zitatu zimapsa n'kuyambiranso pansi. Malo ambiri amene timati mitengo sikula, vuto si dothi ayi, ndi moto wa chaka ndi chaka. Lambulani njira yotchinga moto kuzungulira malo anu mvula ikangotha. Pomwe udzu ndi wambiri, kutentha koyambirira, mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, m'mawa kapena madzulo kopanda mphepo, kumachepetsa ukali wa moto wa m'chilimwe. Koma chitani izi mogwirizana ndi alangizi a zankhalango, osati aliyense payekha. Mbuzi ndi ng'ombe nazo zitalikire kufikira nsonga za mphukira zitapitirira pomwe pakamwa pawo pamafika.

Munthu mmodzi sangatchinge moto wochokera kwa mnzake. Lamulo la zankhalango la Malawi la 1997 limalola midzi kukhala ndi nkhalango zawo zoyang'aniridwa ndi komiti ya zachilengedwe, ndipo mfumu ndi anthu ake atha kugwirizana malamulo: ndani adule, liti, ndipo wotentha alipire chiyani. Ine ndimalimbikira kuti amayi akhalemo mokwanira m'makomiti amenewa, popeza ndiwo amadziwa mtunda umene nkhuni zathawira, ndipo nthambi zotengulira ndiwo ayenera kuyamba kupindula nazo.

Malawi analonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030, ndipo kuti tidziwe ngati tikusuntha tiyenera kuwerenga. Pimani kachigawo kamodzi, mamita 20 mbali zonse, khomani zikhomo m'makona, ndipo mwezi womwewo chaka chilichonse lembani m'kope mitengo imene yapitirira msinkhu wa munthu ndi mayina ake. Jambulaninso chithunzi ndi foni mutaima pamalo amodzimodzi. Mukaona kuti chiwerengero chaima kapena mtundu wina ukusowa, fufuzani ngati ndi moto, ziweto kapena nkhwangwa, ndipo pamipata pomwe palibiretu chitsa chamoyo, pamenepo ndiye dzalanipo mbande.