Akakupemphani kulowa kafukufuku wa zachipatala: momwe mungachitire musanadinde chala

Mwapita ndi mwana kusikelo ku Lobi, kapena mukudwazika m'bale wanu pa chipatala cha boma pa Dedza, ndiye pakutulukira munthu wonyamula mapepala n'kukugwadirani mwaulemu. "Mayi, tikuchita kafukufuku, tingacheze nanu pang'ono?" Ambiri timangovomera, poti munthu wa chipatala sitinazolowere kumukanira. Ena mtima umangoti phwii, n'kukumbuka mphekesera za anamapopa zomwe zinaphetsa anthu cha ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017. Kuvomera mwamantha ndi kukana mwamantha, zonsezi sizikupindulirani kanthu. Chofunika n'kufunsa, ndipo malamulo a kafukufuku amakulolani kufunsa mpaka mutakhutira.

Choyamba: dziwani zomwe kafukufuku watibweretsera kale

Sukulu yophunzitsa madokotala ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kupanga Kamuzu University of Health Sciences, yomwe ambiri amangoti KUHeS. Kupatula kuphunzitsa, akatswiri ake amafufuza za matenda pa chipatala cha Queen Elizabeth komanso m'maboma, nthawi zambiri mogwirizana ndi mabungwe monga Malawi-Liverpool-Wellcome ndi Blantyre Malaria Project. Zina zomwe mumaziona ku chipatala kwanu zinayesedwa kaye kumeneko.

Chiponde chomwe ana onyentchera amalandira chinafufuzidwa kwambiri m'Malawi muno kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, ndipo chinaonetsa kuti mwana angathe kuchira ali pakhomo, mayi osagonera m'chipatala masabata. Makina a Pumani, othandiza makanda kupuma, anayesedwa ku Queens mothandizana ndi Rice University ya ku America: zotsatira za mu 2014 zinati mwa makanda ovutika kupuma omwe anaikidwa pa makinawo, 71 pa 100 aliwonse anapulumuka, pomwe mwa omwe anangolandira mpweya wa oxygen anapulumuka 44. Mu 2015, atajambula mitu ya ana ndi makina a MRI, ofufuza ku Blantyre anatsimikiza kuti ana ambiri omwe amamwalira ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa ubongowo umatupa. Katemera wa taifodi amene ana m'dziko lonse anabayidwa mu Meyi 2023 anayamba wayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mu 2018. Makolo a anawo anali anthu ngati inu, ndipo nawonso anapemphedwa kusaina.

Chachiwiri: funsani kuti ndani akuchita, ndipo wavomereza ndani

Kafukufuku aliyense wokhudza thanzi la anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona kuti anthu asazunzike. Wa ku KUHeS amadutsa ku komiti yotchedwa COMREC. Wina amadutsa ku NHSRC, komiti ya ku Unduna wa Zaumoyo. Ngati akuyesa mankhwala kapena katemera, bungwe loona za mankhwala la PMRA nalonso limayenera kulola. Ngakhale wophunzira udokotala amene akungofunsa mafunso a pasukulu sangayambe popanda chilolezo.

Ndiye pemphani chitupa cha munthuyo ndi kalata ya chilolezo. Funsaninso ngati ofesi ya zaumoyo pa boma ikudziwa. Akafika pamudzi, amfumu ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu amayenera kukhala atamva kale. Koma apa tisasokoneze: amfumu amangotsegula njira yolowera m'mudzi. Sangavomere m'malo mwanu za thupi lanu.

Chachitatu: mvetsani mtundu wa kafukufukuyo

Wina amangokufunsani mafunso n'kupita. Wina amakutsatirani kwa miyezi, kukuyezani sikelo, BP kapena magazi, osasintha chithandizo chanu. Wovuta kumvetsa ndi wachitatu, woyesa mankhwala, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amasaina asanamve.

Pofuna kudziwa ngati mankhwala atsopano akugwiradi ntchito, ofufuza amagawa anthu m'magulu awiri kapena kuposerapo. Gulu lina limalandira chatsopanocho, lina limalandira chithandizo cha masiku onse, katemera wina, kapena mapiritsi ongofanana maonekedwe koma opanda mphamvu. Amene amasankha gulu lanu si dokotala ayi. Ndi mayere, ochitidwa ndi kompyuta. Nthawi zambiri inu ngakhale namwino wokubayaniyo simudziwa gulu lomwe mwagwera mpaka kafukufuku atatha. Sachita izi pofuna kukupusitsani. Dokotala akanati azisankha yekha, bwenzi akupereka mankhwala atsopanowo kwa odwala ooneka amphamvu, kapena kwa omwe wawamvera chisoni, zotsatira zake n'kukhala zabodza. Pa kafukufuku wa taifodi uja, theka la ana linalandira katemera wa taifodi ndipo theka lina katemera wa matenda oumitsa khosi. Powerenga omwe anadwala taifodi m'magulu awiriwo, ndi pomwe anaona kuti katemerayo amachepetsa matendawa ndi pafupifupi 80 pa 100.

Funso loti mufunse ndi ili: "Ndikagwera gulu linalo, ndilandira chiyani?" Ngati yankho silikumveka, musapitirire.

Chachinayi: chikalata cha chilolezo

Chizikhala m'Chichewa, ndipo muli ndi ufulu wochiwerenga modekha. Ngati si matenda adzidzidzi, pemphani kupita nacho kunyumba mukakambirane ndi akunyumba kwanu kapena ndi mwana wanu wa kusekondale. Kufunsa maganizo a bambo a kunyumba kapena a malume n'kwabwino, koma wosaina ndi mwini thupi. Ngati simutha kuwerenga, pazikhala mboni yosakhala ya gulu la ofufuzawo, imve zonse zomwe akukuwerengerani, kenako inu mudinde chala iyo isaine. Mwana wosakwana zaka 18 amamusainira kholo kapena womulera, ndipo ngati ndi wamkulupo, nayenso amafunsidwa ngati akufuna.

M'chikalatamo fufuzani zinthu izi: cholinga cha kafukufuku, maulendo angati komanso kwa nthawi yaitali bwanji, zovuta zomwe mankhwala angabweretse, amene adzalipire chithandizo mukavulala chifukwa cha kafukufukuyo, ndi momwe asungire chinsinsi chanu. Kumapeto kumakhala manambala a foni awiri, ya mkulu wa kafukufuku ndi ya komiti yomwe inavomereza. Yachiwiriyi ndi yokadandaulirako ngati ofufuzawo sakukusamalani. Musachoke opanda pepala lanulanu. Liikeni m'kabuku ka kuchipatala.

Chachisanu: nkhani ya magazi

Apa ndi pomwe pagona mantha a anthu ambiri, choncho funsani mosapsatira: magazi ochuluka bwanji, kangati, akupita kuti, adzasungidwa mpaka liti? Auzeni akuyankheni m'masupuni. Supuni yaing'ono ya tiyi imalowa mamililita 5, ndipo munthu wamkulu ali ndi magazi okwana pafupifupi malita 5. Wopereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service amachotsedwa pafupifupi mamililita 450 pa ulendo umodzi, n'kubwerera kwawo akuyenda yekha. Timabotolo ta kafukufuku n'tochepa kwambiri poyerekeza ndi zimenezo, ndipo kwa ana amachepetsanso molingana ndi sikelo yawo.

Nthawi zina magazi amatumizidwa kunja chifukwa makina oyezera kuno kulibe. Zimenezi zimafuna chilolezo cha komiti, ndipo ziyenera kulembedwa m'chikalata chanu. Ngati pali malo ofunsa zoti magazi otsala asungidwe kuti adzagwire ntchito pa kafukufuku wina wam'tsogolo, kawirikawiri mutha kukana gawo limenelo lokha. Funsaninso ngati zotsatira za magazi anu adzakuuzani, makamaka akapeza vuto lofuna chithandizo.

Chachisanu ndi chimodzi: ndalama

Zomwe amapereka n'zobwezera thiransipoti ndi nthawi yanu. Si malipiro, ndipo si mtengo wa magazi. Dzifunseni ngati mukanavomera pakanapanda ndalamayo. Wina aliyense wokuuzani kuti mulipire kuti mulowe kafukufuku ndi wakuba.

Chachisanu ndi chiwiri: mukalowa, nenani zoona, mukafuna kutuluka, tulukani

Werengerani bwino nyengo. Ngati mukudziwa kuti nthawi yokumba mbatatesi simupezeka, kapena mumakhalitsa ku Lizulu ndi ku Tsangano pa geni, kapena munda wanu uli tsidya la Mozambique, auzeni pachiyambi. Anthu akamasowa pakati pa kafukufuku, zotsatira zimafooka.

Mukaiwala kumwa mankhwala nenani, osataya mapiritsi kuti muoneke omvera. Ngati mukumwanso mankhwala azitsamba nenaninso, chifukwa ena amalimbana ndi a chipatala m'thupi. Musagawireko mnzanu mankhwala a kafukufuku ngakhale akudwala mofanana nanu. Mukamva zachilendo, monga zidzolo, chizungulire, kapena mwatenga pakati, imbani foni tsiku lomwelo, osadikira tsiku la ulendo wotsatira.

Kutuluka n'kololedwa nthawi ina iliyonse, osapereka chifukwa, ndipo palibe angakumaneni LA, ma ARV kapena sikelo ya mwana chifukwa choti mwakana. Kungoti ndi bwino kuwadziwitsa, popeza mankhwala ena safuna kusiyidwa mwadzidzidzi.

Chomaliza: londolani zotsatira

Gawo ili timalinyozera, ndipo ofufuza ena nawonso amalizemba. Zotsatira zimakathera m'magazini a Chingerezi ndi m'misonkhano ya m'tauni, anthu omwe anapereka magazi osamvako kanthu. Funsani tsiku loyamba lomwelo kuti adzabwera liti kudzafotokoza zomwe apeza, ndipo komiti ya chipatala chanu izikumbutsa.

Amene muli ndi foni ya intaneti mutha kufufuza nokha. Magazini ya zachipatala ya Malawi Medical Journal imawerengedwa mwaulere ndipo mumapezeka nkhani za maopaleshoni, uchembere, maso, matenda a maganizo, shuga, BP, khansa ndi zina. Pa PubMed, tsamba la pa intaneti lofufuzirapo malipoti a kafukufuku wa zachipatala, lembani dzina la matenda m'Chingerezi pamodzi ndi mawu oti Dedza, Ntcheu kapena Malawi. Kafukufuku woyesa mankhwala amalembetsedwa m'kaundula wa pa intaneti monga PACTR kapena ClinicalTrials.gov, ndipo nambala yake mungaipemphe kwa ofufuza. Mukapeza lipoti la kafukufuku, werengani chidule cha pamwamba, muone komwe anachitira, chaka chake, chiwerengero cha anthu, ndiponso ngati panali gulu lofananitsa nalo. Zopezeka ku Chikwawa kotentha sizingafanane ndendende ndi za ku Bembeke kozizira, makamaka pa malungo. Chaka nachonso n'chofunika: Malawi inasiya chloroquine mu 1993 n'kutenga Fansidar, kenako mu 2007 inasamukira ku LA, choncho pepala lakale lingayamikire mankhwala omwe anasiyidwa.

Musadabwe zotsatira zikakhala zoti chinthucho sichinathandize. Ku Chikwawa ndi ku Karonga anayesa mbaula zamakono zochepetsa utsi m'mabanja okhala ndi ana oposa 10,000, pokhulupirira kuti chibayo chichepa. Zotsatira zomwe zinatuluka kumapeto kwa 2016 zinati chibayo cha ana sichinachepe. Yankho lotere nalonso n'lothandiza, chifukwa limachenjeza kuti ndalama zolimbana ndi chibayo zisathere pa mbaula zokha.

Mukawerenga china chokhudza mankhwala omwe mukumwa, musasinthe nokha. Chisungeni pa foni mukachionetse kwa dokotala pa ulendo wanu wotsatira, chifukwa zipatala zimatsata ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo, yomwe imasintha pokhapokha maumboni a kafukufuku angapo atagwirizana.