Musadikire kuona kabowo pa apozi

Anzanga a ku Tsangano amene muli ndi mitengo ya maapozi, mukaona kabowo pachipatso kakutuluka tinyenyeswa tofiirira ngati utuchi, dziwani kuti mbozi yalowa kale. Mankhwala sangaifikenso m'katimo. Ine chaka chatha ndidachedwa, ndipo theka la zipatso zanga lidathera kudzala.

Mboziyi imaswa kuchokera m'mazira a kagulugufe kouluka usiku. Poperani mankhwala maluwa akangoyoyoka, tizipatso tikadali ngati nsawawa. Maluwa akadalipo chonde musayerekeze, mupha njuchi zomwe zimabereketsa mitengoyo. Madzulo mphepo itadekha ndiye nthawi yabwino. Musamangobwereza mankhwala amodzimodzi chifukwa mbozi zimawazolowera, alangizi akuuzeni osinthanitsa nawo. Zipatso zakugwa tolani mukazikwirire m'dzenje lakuya, ndipo werengani pabotolo masiku oti mudikire musanathyole.