Mwachedwa kudzala anyezi? Chitani chonchi

Anyezi amakonda nyengo yozizira, nchifukwa chake odziwa amafesa nazale cha mu Malichi kapena Epulo nkuwokera mu Meyi. Koma ngati Julaye wakupezani musanadzale musataye mtima, kungoti dziwiranitu kuti mitu yake sikula ngati ija mumaiona pamsika. Anyezi akamva kutentha komanso masana akayamba kutalika amasiya kuphuka masamba nkuyamba kuika mutu, ndiye wochedwayu amaika mutu ali ndi masamba ochepa, mutuwo umakhalanso waung'ono basi.

Za nazale iwalani. Mbande zimatenga masabata 6 mpaka 8 kuti zifike powokera, nthawi imeneyo mulibe. Pitani kwa anzanu a kudimba mukagule mbande zokulakula ngati pensulo, zoonda ngati udzu zisiyeni ngakhale akutchipitsireni. Ngati pali kusankha tengani mtundu wa Red Creole wofiira uja, amasungika bwino kuposa Texas Grano amene sachedwa kuola.

Bedi lake likhale lokwera ndithu, dothi lofewa, muthiremo manyowa owolerana osati a dzulodzulo ochokera mkhola. Mizere italikane masentimita 20 mpaka 30, mbande ndi inzake masentimita 10. Musakwirire kwambiri ayi, kamutu koyera kaja kangobisika pang'ono, ndipo wokerani madzulo dzuwa litapepa nkuthirira pompo.

Ntchito yeniyeni ndi madzi. Mizu ya anyezi siipita pansi, ndiye Sepitembala akafika ndi dzuwa lake lija bedi limauma msanga, thirirani tsiku ndi tsiku ngati dothi ndi lamchenga, phimbirani ndi udzu wouma, ndipo udzu womera muzizula ndi manja chifukwa khasu limadula mizu. Thirani fetereza wa CAN pang'ono pakatha masabata 3 chiwokerereni, koma mukangoona mitu yayamba kutupa fetereza basi, apo ayi khosi limanenepa ndipo anyezi wotere sauma bwino.

Kukatentha kumabwera tizilombo ting'onoting'ono totchedwa thrips. Kanulani masamba pakati paja pamene amatulukira muona tikuyenda, masambawo amachita timizere totuwa. Kuthirira mokwanira kumathandizako, zikanyanya funsani alangizi za mankhwala.

Mpikisano wanu uli ndi mvula. Anyezi amafuna miyezi 3 kapena 4 chiwokerereni, ndiye wowokeredwa mu Ogasiti amakhwima mvula ili pakhomo. Masamba akayamba kugwa siyani kuthirira, ndipo mukaona mitambo yasonkhana zulani ngakhale ena asanagwe, muyanike pakhonde podutsa mphepo kwa masabata awiri. Wa khosi lalikulu yambani kudya ameneyo ndi masamba ake omwe, mu mazira kapena mu usipa amakoma zedi. Timitu tating'onoting'ono tija musataye, tiumitseni bwino mutimangirire kudenga, mudzatidzala ngati mbewu mvula ikamatha.