Momwe mungagwiritsire ntchito fani ya kudenga yokhala ndi tcheni

Okutobala akafika, munthu wa ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi kapena Salima safunsa kuti fani ndi ya chiyani. Umagona zenera lili lotsegula, nsalu uli utakankhira kumiyendo, koma thukuta lili kamukamu mpaka tambala woyamba. Nyumba zina za lendi m'matauni masiku ano mumazipeza zili kale ndi fani ya kudenga, ndipo ena mwa mafaniwa ndi aja olendewera timatcheni tiwiri. Amaoneka osavuta, koma ndaona angapo atafa asanathe n'chaka chomwe, osati chifukwa cha mota, koma chifukwa cha dzanja lokoka mopupuluma. Kwa mlamu wanga ku Mangochi tcheni chinatsalira m'manja mwa mwana, ndipo fani inakhala ikungozungulira liwiro limodzi nyengo yonse yotentha.

Yambani ndi swichi ya pakhoma

Mafani ambiri otere amalandira magetsi kudzera pa swichi ya pakhoma. Ikakhala yozimitsa, ngakhale mukoke tcheni kakhumi palibe chichitike, ndipo apa ndi pamene anthu amayamba kukoka mwaukali poganiza kuti chinthucho chauma. Yatsani pakhoma kaye. Ngati pakhomapo pali kachipangizo kopotokola kosinthira liwiro, tcheni muchisiye pa liwiro lalikulu ndipo muzisinthira pakhoma pokhapo. Mukachepetsa mbali zonse ziwiri, fani imangong'ung'udza n'kumazungulira ngati yatopa.

Dziwani tcheni chilichonse ntchito yake

Ngati fani yanu ili ndi babu pansi pake, matcheni amakhala awiri. China ndi cha getsi: kukoka kamodzi layaka, kukokanso lazima. Chinacho ndi cha mapiko. Kawirikawiri cha mapiko chimatulukira pamwambako, pafupi ndi mota, pamene cha getsi chimatulukira m'munsi pafupi ndi galasi la babu. Mukazindikira, mangirirani kamkanda kapena kansalu kofiira ku cha mapiko, kuti usiku dzanja lizichidziwa pochikhudza. Mukatero simudzadzutsanso mnzanu ndi getsi pakati pa usiku pamene mumangofuna kamphepo.

Kokani, werengani, dikirani

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. M'kati mwa fani muli kaswichi kakang'ono kapulasitiki komwe kamasuntha malo amodzi nthawi iliyonse mwakoka. Pa mafani ambiri, fani ikakhala yozima, kukoka koyamba kumapereka liwiro lalikulu, kwachiwiri lapakati, kwachitatu laling'ono, ndipo kwachinayi kumazimitsa. Kulibe kubwerera m'mbuyo. Mukadumpha liwiro limene mumafuna, muyenera kuzungulira mpaka mulipezenso.

Gwirani kumapeto kwa tcheni ndi zala ziwiri, kokerani pansi molunjika mpaka mumve kuti "khe", kenako lekani chibwerere chokha pang'onopang'ono. Osakokera cham'mbali mutagona pabedi, chifukwa tcheni chimakhulana ndi kabowo kamene chimatulukira mpaka timikanda take tachitsulo timaduka. Osatsomphola. Kaswichiko sikafuna mphamvu, chala cha mwana chimakwanira.

Ndiye dikirani. Mapiko ndi olemera, sasintha liwiro pomwepo. Mukachoka pa lalikulu kupita pa lapakati, amatenga kanthawi asanafatse, ndipo mukazimitsa amapitirizabe kuzungulira okha kwa mphindi imodzi kapena kuposera. Munthu wosadziwa amaona mapiko akuyendabe n'kukokanso, osazindikira kuti anali atazimitsa kale ndipo tsopano wayatsanso pa liwiro lalikulu. Akokanso kawiri katatu, mutu wasokonezeka, mtima wakwera, tcheni chaduka. Mukasokonezeka, lekani kukoka. Tcherani khutu: fani yoyaka imamveka kaphokoso ka mota kapansipansi, yozima imangomveka mphepo ya mapiko ikuzilala. Mukapeza pamene mota wakhala chete, yambirani pamenepo kuwerenga.

Ine ndimakonda kusiya tcheni pa liwiro lapakati n'kumayatsa ndi kuzimitsa pakhoma. Kaswichi kam'kati kamapuma, ndipo ana safunikanso kukwera pampando.

Onani kumene mphepo ikulowera

Pambali pa mota, mafani ambiri ali ndi kaswichi kakuda kokankha, kosinthira mbali imene mapiko amazungulirira. Nyengo yotentha, mukaima pansi n'kuyang'ana kumwamba, mapiko azizungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi, kuti mphepo izitsikira pa inu. Njira yachidule ndi iyi: imani pansi pake fani ili pa liwiro lalikulu. Ngati malaya sakugwedezeka ndipo simukumva mphepo kumaso, ndiye kuti ikukokera mpweya m'mwamba. Ambiri amadandaula kuti fani yawo ilibe mphamvu pamene vuto ndi kaswichi kameneka, kamene mwina wina anakakhudza popukuta.

Musakakhudze mapiko akuyenda. Zimitsani, dikirani aime ndithu, kwerani pa chinthu cholimba, kankhani kaswichiko mpaka kafike kumapeto. Kakaima pakatikati fani siyenda n'komwe.

Mbali inayo ndi ya nyengo yozizira, kuti fani pa liwiro laling'ono izitsitsa mpweya wofunda umene umaunjikana kudenga. Zimathandiza m'nyumba imene muli chotenthetsera, monga ku Dedza kapena ku Mzuzu mu Juni ndi Julayi. Kwa ambirife mbali imeneyi ilibe ntchito kwenikweni.

Za mayunitsi

Fani siziziritsa chipinda. Imaziziritsa munthu, chifukwa mphepo ikamadutsa pakhungu thukuta limauma msanga ndipo thupi limapepukidwa. Kuisiya ikuzungulira m'chipinda mopanda munthu n'kutaya mayunitsi chabe, simudzapeza mutazizira pobwera. Fani ya mawati 60 ikayenda maola 8 imadya pafupifupi theka la yuniti, ndiye kuti yuniti imodzi ya ESCOM imakugonetsani masiku awiri. Chipangizo choziziritsira mpweya chija chimatha kudya yuniti yonse pa ola limodzi lokha.

Masana, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, fani imatha kukutsitsirani mpweya wotentha wa pansi pa malata. Tsegulani mazenera a mbali ziwiri kuti mpweyawo uzituluka. Madzulo kunja kukayamba kuzizira, tsegulaninso kwa kanthawi fani ikuyenda, kenako tsekani udzudzu usanachuluke.

Mphepo ya fani imasokoneza udzudzu ndithu, popeza suuluka bwino pa mphepo, koma musachotse neti chifukwa cha zimenezo. Magetsi akazima 2 koloko usiku, udzudzu umabwerera inu muli m'tulo. Netiyo imangidwe motalikirana ndi mapiko, zingwe zake zisadutse pafupi.

Magetsi akazima, zimitsani pakhoma. Akhoza kubwera inu mutayatsa kandulo pansi pa fani, kapena wina atakwera pampando kuti apukute.

Kupukuta ndi kumangitsa

Fumbi la nyengo ya chilimwe limakhala pamwamba pa mapiko, kumene diso silifika. Likachuluka fani imayamba kugwedera ndipo imakumwazirani pabedi. Tengani pilokesi yakale, lowetsani phiko limodzi m'kati mwake, n'kukoka pang'onopang'ono mutapanikiza ndi manja onse awiri. Fumbi lonse limatsalira m'pilokesimo. Osatsamira phiko, likapindika pang'ono chabe fani sidzayendanso mowongoka. Muli pomwepo, yesani masikuluwu ogwira mapiko ndi sikuludiraiva, chifukwa amamasuka okha ndi kugwedezeka kwa tsiku ndi tsiku.

Ngati tcheni ndi chachifupi, lumikizani china kapena kachingwe kopepuka kuti chifike pamene dzanja la wamkulu lifika ataima pansi. Chisakhale chachitali mpaka mphepo n'kuchiponyera m'mapiko, komanso chisafike pamene ana angachilendewere. Ndipo ngati m'chipindamo muli bedi losanjikiza, lichoke pansi pa fani.

Pamene muyenera kuitana wamagetsi

Tcheni chikadukira kunja, chimalumikizika ndi kachitsulo kakang'ono kolumikizira matcheni otere. Chikadukira m'kati, kapena chikamakokeka popanda kumveka "khe", kaswichi kafa ndipo kafunika kusintha konse. Mawaya ake amakhala atatu kapena anayi, aliyense ndi kabowo kake, ndipo akasemphanitsidwa liwiro limasokonekera. Ntchito imeneyi ndi ya munthu wodziwa, atazimitsa kaye meni swichi, osati ya pakhoma yokha.

Fani ikamangong'ung'udza osayenda mpaka mutakankha phiko ndi ndodo, kapena ikamazungulira mwaulesi pa liwiro lililonse, kawirikawiri ndi kapasita. Ndi kabokosi kakang'ono kakuda, kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi fani yatsopano, choncho musafulumire kutaya. Koma musaisiye ikung'ung'udza, mota amatentha n'kupsa. Mukamva fungo la waya wopsa, zimitsani nthawi yomweyo.

Ikamagwedera yonse kuyambira kumtunda, yang'anitsitsani pamene inamangidwa. Fani iyenera kugwira pa mtanda wa denga kapena pa chitsulo, osati pa bolodi la siling'i lokha, ndipo mapiko akhale mamita osachepera 2.1 kuchokera pansi. Komanso ngati mbale wanu wakutumizirani fani kuchokera ku America, werengani kapepala komata pa mota musanaipachike. Kumeneko magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 120, kuno kwathu ndi 230, ndipo fani yolembedwa 120 ikalumikizidwa pa waya wathu imapsa. Yochokera ku Johannesburg kapena ku London imagwirizana ndi magetsi athu.