Mmene ndinakonzera kompyuta yathu kuno ku Ulongwe

Kompyuta yathu ya pakhomo, ya Windows 10, inkachedwa kwambiri kuyaka, ndipo mafayilo a ana a sukulu pa fulashi anasanduka ma shortcut (tizizindikiro tongolozera ku fayilo) okhaokha chifukwa cha vayirasi. Okonza amene ndimawadalira ali ku Tete, ulendo wautali, choncho ndinaikonza ndekha ndi mapulogalamu aulere. Ndinangogula data basi.

Ndinayamba ndi vayirasi. Malwarebytes, pulogalamu yochotsa mavayirasi, inafufuza hard disk (mosungira mafayilo m'kompyuta) ndi mafulashi onse a m'nyumba, n'kuchotsa vayirasiyo. Musafulumire kufufuta zonse pa fulashi, chifukwa vayirasi yamtunduwu imangobisa mafayilo. Ndinatsegula Command Prompt (polembera malamulo mu Windows), kulowa mu fulashimo, n'kulemba attrib -h -r -s /s /d, ntchito ya ana yonse inabwerera.

Kuchedwa kuyaka kunatha nditadina Ctrl+Shift+Esc kuti nditsegule Task Manager, n'kuzimitsa mapulogalamu osafunika pa Startup, mndandanda wa mapulogalamu oyamba okha kompyuta ikayaka. Pulogalamu ya BleachBit inasesa zinyalala za intaneti. Zotsuka registry (nkhokwe ya makonzedwe a Windows) sindizikhulupirira, phindu lake n'lochepa koma zikhoza kuwononga Windows.

CrystalDiskInfo, pulogalamu yoyeza hard disk, inaonetsa kuti hard disk ikadali bwino, koma ikutentha. Fumbi la m'chilimwe linali litatseka fani, ndinalichotsa ndi kaburashi kofewa kompyuta ili yozimitsa.