Momwe mungakaonere nyama ku Kruger mukuyendetsa nokha galimoto

Choyamba chomwe mufunika kuchilowetsa m'mutu ndi kukula kwa malowo. Kruger National Park ili kumpoto chakum'mawa kwa South Africa, m'zigawo za Limpopo ndi Mpumalanga, ndipo ndi ya masikweya kilomita pafupifupi 19,500, kutalika kwake kuchoka kumpoto mpaka kumwera ndi ngati makilomita 360. Kum'mawa yachita malire ndi Mozambique, kumpoto ndi Zimbabwe. Inayamba ngati Sabie Game Reserve mu 1898 nkudzakhala paki mu 1926. Nde munthu akamati ndikaizungulira yonse pa weekend imodzi ndimangodziwa kuti sanaone mapu. Sankhani chigawo chimodzi basi, mukhazikike kumeneko.

Kwa munthu wopita koyamba ine ndimati kumwera. Kumeneko ndi komwe kuli mitsinje ya Sabie ndi Crocodile, nyama ndi zambiri, makampu (malo ogona alendo m'kati mwa paki) ayandikana: Skukuza, womwe ndi likulu la paki, Lower Sabie, Berg-en-Dal, Pretoriuskop, Crocodile Bridge. Vuto lake ndi loti magalimoto ndi ambirinso, mkango umodzi wogona pansi pa mtengo umatha kuzunguliridwa ndi mzere wa magalimoto. Chapakati, ku Satara, kuli madambo a udzu, mbidzi ndi nyumbu zili mbwee, nchifukwa chake mikango imakonda kumeneko, ndipo msewu wafumbi wa S100 ndi wotchuka pa nkhani imeneyi. Kumpoto, ku Shingwedzi ndi Punda Maria, ndi tchire la mitengo ya tsanya, njovu, njati ndi mbalame, kuli zii, koma mutha kuyenda nthawi yaitali osaona kanthu.

Nyengo yabwino ndi yachilimwe yopanda mvula, kuyambira May mpaka September. Udzu umakhala wauma, masamba agwa, nyama zimasonkhana komwe kuli madzi. Mukapita December kuli kobiriwira mokongola, tiana ta nswala paliponse, koma kutentha ndi koopsa komanso masukulu amakhala atatsekera, malo ogona amadzadza. M'mawa wa June ndi July kumazizira kwambiri, musanamizidwe, tengani jekete.

Kubukitsa malo ogona chitani pa webusaiti ya SANParks, ndiwo amayendetsa pakiyo. Amatsegula miyezi 11 tsiku lanu lisanafike ndipo makampu okondedwa ngati Lower Sabie sachedwa kutha. Muli zosankha, kuyambira pomanga tenti yanu, tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, mpaka nyumba za banja zokhala ndi khitchini. Apa ndikuchenjezeni za anthu a pa Facebook ndi WhatsApp omwe amalengeza "safari yotchipa" ndi zithunzi zokongola za kambuku, kenako nkumati tumizani dipoziti lero lomwe malo atsala awiri. Ena ndi akuba enieni, ena si akuba koma amakugonekani kunja kwa paki kutali ndi geti nkumakulowetsani dzuwa litakwera kale, nyama zitabisala. Ngati mukufuna kudzera mwa ejenti, akupatseni nambala ya buking'i yoti mutha kuitsimikiza nokha, akamazemba mayankho asiyeni.

Kupatula ndalama yogona, pali chiphaso cholipira tsiku lililonse munthu aliyense, amati conservation fee. Mitengo ndi itatu: nzika za South Africa, nzika za mayiko a SADC, ndi ochokera kwina konse. Wa SADC amalipira pafupifupi theka la zomwe amalipira wochokera kutali, koma pageti amafuna pasipoti, pakamwa pokha sizitheka. Ngati mukhala masiku ambiri werengerani Wild Card, khadi yolipira kamodzi nkumalowera chaka chonse, pena imatchipirapo kusiyana ndi kulipira tsiku ndi tsiku. Mitengo imasintha chaka ndi chaka nde onani pa webusaiti yawo musanapange bajeti.

Galimoto sikuti mpaka ikhale 4x4, misewu ikuluikulu ndi ya tala ndipo yafumbi yambiri kagalimoto wamba kamadutsa. Ubwino wa yaitali ndi woti mumaona pamwamba pa udzu. Kuchokera ku Johannesburg mumatsata N4 kudzera ku Mbombela, pali ma toll gate angapo, nkukalowa pa geti la Malelane kapena Crocodile Bridge, kapena kukhotera ku Hazyview nkukalowa pa Phabeni kapena Paul Kruger. Ngati ndi yahayala jambulani paliponse pomwe pakalika musanachoke nayo, muonenso ngati tayala lapadera lili ndi mpweya, chifukwa makampani ena amadzakulipiritsani zokalika zomwe munazipeza.

Tsopano nkhani yomwe ndikufuna muimvetse bwino ndi ya nthawi. Mageti a paki ndi a makampu amatsekedwa molingana ndi mwezi: 5:30 madzulo kuyambira May mpaka July, 6:00 mu March, April komanso August mpaka October, 6:30 kuyambira November mpaka February. Mukachedwa ndi mlandu, chindapusa chilipo, ndipo kuthamanga kuti mupeze geti ndi mlandu winanso chifukwa liwiro ndi makilomita 50 pa ola pa tala, 40 pafumbi, ndipo amatchera makamera. Foni yanu ikuuzani kuti kuchoka ku Skukuza kupita ku Satara, makilomita 90 ndi kanthu, ndi maola awiri. Musaikhulupirire. Werengerani makilomita 25 pa ola, ndiye kuti ulendo umenewo ndi wa maola pafupifupi anayi.

Ife zinatichitikira pa msewu womwewo. Tinaima pa Tshokwane, malo opumira a panjira, kudya, tinanyamuka nthawi ilipo ndithu, kenako patsogolo njovu yaimuna ili pakati pa msewu, ikubwera molunjika ife. M'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, munkachucha madzi akuda, miyendo yakumbuyo ili yonyowa ndi mkodzo wongodontha, fungo lake linkalowa ngakhale mawindo tinali titatseka. Imeneyo ndi njovu yomwe ili pa nyengo yofuna zazikazi, imakhala yolusa ndipo siipatuka. Panalibe chochita koma kubwerera chambuyo pang'onopang'ono, iyo ikubwerabe, ikaima ife kuima, ikayamba ife kuyambanso, kumbuyo kwathu magalimoto ena nawonso akubwerera, ndipo panali wina yemwe anaima moyandikira kwambiri moti malo othawira anatsala pang'ono kutithera. Dzuwa likupendeka, wotchi ikuyenda, mtima uli phaphapha. Itatopa inangokhotera m'tchire nkuyamba kuthyola nthambi ngati palibe chachitika. Tinafika pa geti la Satara mlonda atagwira kale chitseko.

Nde malangizo anga ndi awa: ola lomaliza geti lisanatsekedwe muzikhala muli pafupi ndi kampu, mukuzungulira timisewu ta pafupi. Tsiku losamuka kampu nyamukani m'mawa, osati masana. Mukakumana ndi njovu siyani mpata waukulu, injini isazime, musaimbe hutala, musalowe pakati pa mayi ndi mwana wake, ndipo mukaima kumbuyo kwa mnzanu musiyireni malo obwerera. Njovu ikatambasula makutu, kupukusa mutu ndi kuponda fumbi ikukuuzani kuti mwayandikira mopyola. Galimoto imaigudubuza ngati chitini.

Kupeza nyama kulibe matsenga, ndi kudzuka basi. Khalani pa geti la kampu likamatsegulidwa, maola awiri atatu oyambirira ndi omwe mikango, afisi ndi akambuku amakhala akuyendabe. Masana kukatentha bwererani mukapume kapena kaimeni pa damu nkuzimitsa galimoto. Sunset Dam, pafupi ndi Lower Sabie, mvuu ndi ng'ona sizisowa, ndipo msewu wa H4-1 wotsata mtsinje wa Sabie kuchoka ku Skukuza ndi womwe anthu ambiri amaonerako kambuku. Yendani pang'onopang'ono, yang'anani mkati mwa tchire osati pamwamba pake, m'mithunzi ndi m'nthambi zikuluzikulu, pena chomwe chimaulula kambuku ndi mchira wokha ukulendewera. Nswala zikamafwenthera zonse zitayang'ana mbali imodzi, kapena anyani akamakuwa m'mitengo, imani mudikire. Pa kampu iliyonse pali bolodi lomwe anthu amaikapo zizindikiro pomwe aona nyama tsiku limenelo, koma zipembere saziika dala chifukwa cha opha nyama mozemba, nanunso mukaona chipembere musalengeze malo ake pa intaneti. Ndipo chonde musamangothamangira zisanu zotchuka zija, mkango, kambuku, njovu, njati ndi chipembere, mpaka kudutsa nyamalikiti akumwa madzi miyendo atatangadza osamuyang'ana nkomwe.

Kutuluka m'galimoto nkoletsedwa kupatula malo omwe alembedwa, ngakhale kutulutsa thupi pawindo. Osadyetsa nyama, nyani kapena pusi wozolowera chakudya cha anthu amayamba kulanda ndipo mapeto ake amaphedwa. Ma drone saloledwa, ziweto ayi.

Zotsalazi ndi zachidule. Kruger ndi dera la malungo makamaka nthawi ya mvula, kaonaneni ndi dokotala za mankhwala oteteza musananyamuke, tengani odzola othamangitsa udzudzu. Mafuta amapezeka m'makampu akuluakulu, thirani tanki ikafika theka. Mashopu alipo koma zinthu ndi zokwererapo, bolani kugula zambiri m'tauni musanalowe. Netiweki imagwira pafupi ndi makampu, kwina kulibe, nde gulani buku la mapu pageti. Zoonera patali tengani, ngakhale zobwereka. Ulendo wausiku pa galimoto ya paki kapena woyenda pansi m'mawa ndi alonda a mfuti mumabukitsa pa risepishoni, chitani tsiku lomwe mwafika chifukwa mipando ndi yochepa.